Njira ya ku fiyeta imayambira mu Fomu 3

Mayi akavutika pobereka pa chipatala chaching'ono cha Namadzi, anamwino amaitana ambulansi kuti athamangire naye ku chipatala chachikulu, kaya ku Chiradzulu kaya ku Zomba. Achibale otsala pakhonde amangoti adokotala akumupanga opaleshoni. Koma nthawi zambiri wogwira mpeni sakhala dokotala. Kafukufuku amene anatuluka mu 2007, wochitika m'zipatala 38 za m'dziko muno, anapeza kuti pa maopaleshoni 100 alionse adzidzidzi a amayi oyembekezera, 88 anapanga ndi ma clinical officer.

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Namadzi amene akusirira ntchito imeneyi ali ndi misewu iwiri. Ku America kuli maphunziro apaokha, ena a zaka ziwiri, a munthu amene ntchito yake n'kukonza zida ndi kupatsira dokotala pa opaleshoni. Kuno ntchito yomweyo amaigwira ndi anamwino a ku fiyeta, chipinda chopangiramo opaleshoni. Umenewu ndiye msewu woyamba, ndipo wofuna kuphunzira unamwino sapita kutali: St Joseph's College of Nursing ili ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu lomweli. Msewu wachiwiri ndi wa u-clinical officer, umene unayamba mu 1976 chifukwa cha kusowa kwa madokotala. Amaphunzitsa ku Malawi College of Health Sciences komanso ku Malamulo ku Thyolo: zaka zitatu za dipuloma, kenako chaka chimodzi chogwira ntchito moyang'aniridwa, kuti dzina likhazikike m'kaundula wa Medical Council of Malawi.

Mpanipani uli polowera. Sukuluzi zimayang'ana makirediti a MSCE, makamaka a Chingerezi, Masamu, Biology, Physics ndi Chemistry. Kirediti imathera pa 6. Wopeza 7 pa Biology wakhoza mayeso ndithu, koma kalata yake imaikidwa pambali ngakhale atakhala ndi 2 pa Chichewa ndi Bible Knowledge. Apa m'pamene ana a m'sukulu zoyendera za m'midzi amapwetekera. Ambiri amafika Fomu 4 asanayang'anepo mu microscope, mankhwala a Chemistry amangowaona pabolodi, ndipo ena amathawa sayansi akangolowa Fomu 3 pomvera anzawo kuti njovuta. Akamadzazindikira ali ndi satifiketi m'manja, madzi atafika kale m'khosi, chotsala n'kubwereza ku open. Kunena zoona, mphunzitsi wolola mwana wanzeru kusiya Chemistry pa msinkhu umenewu asanakhale naye pansi amamulakwira kwambiri.

Nanga zofunika pathupi? Izi sizilembedwa kwenikweni m'zidziwitso za m'nyuzipepala, koma fiyeta imazifunsa tsiku loyamba. Usanalowe umasamba m'manja mpaka m'zigongono kwa mphindi zingapo, n'kuimika manja m'mwamba kuti madzi asabwerere ku zala. Ukavala gauni ndi magolovesi, basi, nkhope si yakonso. Mphuno ikayabwa, upirire. Thukuta la mu Okotobala likamatsikira m'maso, udikire mnzako akupukute. Opaleshoni yotulutsa mwana ikhoza kutha ola lisanakwane, koma ya matumbo opotana imadya maola, iwe uli chilili, msana utawerama, mwinanso unadzutsidwa pakati pa usiku. Si zachilendo wophunzira kuchita chizungulire ataona magazi ndi kumva fungo la m'mimba koyamba. N'chifukwa chake akuluakulu a m'menemo amalangiza kuti usalowe ndi njala, ndipo ukamva kuti maso akuda, bwerera m'mbuyo, khala pansi, usagwere pa wodwala.

Pamafunikanso maso otha kuona ulusi wosokera wowonda ngati tsitsi, zala zosanjenjemera, ndi mphamvu zonyamulira munthu wogonetsedwa kumuchotsa patebulo. Katemera wa Hepatitis B ngwofunika, poti singano sisankha wobaya. Komanso mutu uzigwira: namwino amawerenga nsalu zopukutira magazi ndi zida zonse asanayambe, n'kuwerenganso asanatseke bala. Ikasowa imodzi, palibe kusoka mpaka ipezeke.

Wolimba mtima sathera pa dipuloma. Mu 1985 Dr Ed Blair anayambitsa maphunziro a miyezi 18 a ma clinical officer a mafupa, ndipo masiku ano ma clinical officer amenewa ndi amene amalandira ambiri mwa othyoka pa ngozi za kabaza ndi maminibasi, monga za pamsewu wa M3 wodutsa pa Namadzi, n'kuwaika chikhakha. Ena amaphunzira zogonetsa odwala ku Queen Elizabeth Central Hospital. Pansi pa ntchito ya COST-Africa, College of Medicine, mogwirizana ndi Royal College of Surgeons in Ireland, inatsegula digiri ya opaleshoni ya ma clinical officer a m'maboma. Kuyambira 2021 College of Medicine ili m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences.