Za Ndalama za Sukulu, ndi Kumene Buku Liyenera Kugona

M'dziko la Amereka, makamaka m'chigawo cha California, muli mwambo umene kholo la ku Msongwe, kuno ku Mzuzu, likaumva likhoza kugwira pakamwa: mwana sapita ku sukulu m'mawa, koma aphunzitsidwa ndi amake pakhomo, ndipo boma ndilo lilipira mabuku ake, zoyesera sayansi, ngakhale mphunzitsi wa zoimbaimba. Ndalamazo zidzera m'sukulu zotchedwa charter, zimene lamulo la chigawocho linaziloleza m'chaka cha 1992, zoyendetsedwa ndi anthu wamba koma ndi chuma cha msonkho. Ndipo popeza chumacho n'cha onse, achitchingira mpanda wa malamulo. Kholo siligwira ndalama m'manja, koma lingotchula chimene lifuna, sukulu ndiyo igula kwa ogulitsa amene inawavomereza. Buku lophunzitsa chipembedzo saligula, pakuti malamulo aakulu a chigawocho aletsa. Chinthu chosatha msanga, monga kompyuta, chikhalabe cha sukulu, ndipo mwana akachoka achibweza. Ndiponso mphunzitsi wa setifiketi afika nthawi ndi nthawi kudzaona ntchito ya mwanayo.

Mpandawo sunakhale wopanda ming'alu. Kunamveka madandaulo akuti mabanja ena anagulira ndalamazo matikiti a ku Disneyland, nati ndi ulendo wophunzira. Ndipo m'chaka cha 2019 akuluakulu a bungwe la A3, loyendetsa sukulu zoterezi, anaimbidwa mlandu ku San Diego wodya mamiliyoni a madola polembetsa maina a ana amene sanawaphunzitse, kotero kuti mu 2020 boma linaimitsa kwa kanthawi kutsegula sukulu zatsopano za mtundu umenewu.

Ife kuno ku Malawi tinayenda njira ina. Chiyambire masiku a Dotolo Robert Laws ndi sukulu za Livingstonia, mudzi ndiwo unkamanga sukulu ndi kufolera denga lake, ndipo Baibulo, limene a ku California alitsekera kunja kwa thumba la boma, ndilo linali buku limene agogo athu anaphunzirira kuwerenga. N'chifukwa chake pamene boma linayesa kuchotsa phunziro la Baibulo m'sukulu za sekondale m'chaka cha 2000, mipingo inakana kwamtuwagalu, boma nkubwerera m'mbuyo. Maphunziro aulere atayamba mu 1994, ana anasefukira m'makalasi kuposa mabuku ndi mabenchi, ndipo patapita zaka boma linayamba kutumiza ndalama ku sukulu iliyonse ya pulaimale, zimene aphunzitsi azitchula kuti SIG. Ndalama zimenezi sizitsata mwana mmodzi kunka naye kwawo: a komiti ya sukulu, a PTA, amayi a Mother Group, mafumu ndi aphunzitsi akulu akhala pansi nalemba dongosolo la chaka, nagawa za zophunzirira, za ana ovutika, ndi kachigawo kochepa ka kayendetsedwe, ndipo alangizi a sukulu za pulaimale, a PEA, aunika zonsezo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anatero akale, ndipo ine ndiyesa kuti m'chimenechi tinachita mwanzeru, pakuti ndalama zochepa chotere zikagawidwa khomo ndi khomo sizingagule ngakhale choko, koma zikakhala pamodzi zimanga chimbudzi cha atsikana, zikonza zitseko, zigulira mwana wamasiye yunifolomu.

Komatu pali chinthu chimodzi chimene a ku California atiposa, ndipo chimandiwawa mumtima. Kwa iwo buku ndi la sukulu, koma ligona kunyumba kwa mwana; kwa ife buku ndi la sukulu, ndipo m'sukulu zambiri ligona m'kabati ya mu ofesi, lotsekeredwa ndi loko, chifukwa mphunzitsi aopa kuti likatayika kapena kunyowa ndi mvula ya Mzuzu adzayankha yekha, ndipo sadziwa chaka chimene mabuku ena adzabwera. Sindimdzudzula, pakuti mantha ake ali ndi chifukwa; koma tikumbuke kuti kapolo uja wa m'fanizo la m'Baibulo amene anakwirira ndalama ya mbuye wake nayenso anali ndi chifukwa. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, khomo lililonse linasanduka sukulu mosayembekezera, ndipo mwana wa Sitandade 8 anakhala pakhonde ndi kope lothothoka chikuto, kumvetsera phunziro pa wailesi ngati mabatire analipo, pamene buku limene mphunzitsi wa pa wailesiyo anali kulongosola linali lotsekeredwa pamtunda woyenda mphindi zochepa chabe. Ndipo kuno kumene ana ambiri alankhula Chitumbuka pakhomo, nakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi m'kalasi, buku lowerenga madzulo lifunika koposa.

Chifukwa chake ndipempha a komiti za sukulu za ku Msongwe ndi madera ozungulira, kuti polemba dongosolo la chaka chamawa apatuleko pang'ono zogulira kaundula wobwereketsera mabuku ndi mapulasitiki okutira, kholo lisaine dzina lake potenga buku, a Mother Group ayendere makomo kumapeto kwa teremu, ndipo buku likatayika mlandu ukambidwe pamaso pa komiti yonse ndi amfumu, osausiyira mphunzitsi yekha.