KANEMA WA AMORMON ASIYA MAFUNSO M'MAKOMBONI

Mpingo wa Amormon unakhazikika mu Lusaka m'caka ca 1992. M'caka ca 2005 akuluakulu ake ku Utah, m'dziko la America, anatulutsa kanema wa moyo wa Joseph Smith, amene anayambitsa mpingowu mu 1830 naphedwa mu 1844.

Kanemayu aonetsa mneneri wopanda banga, ndipo za mitala yake sanenapo kanthu. Komatu munthu wa ku Matero kapena ku Kanyama mitala aidziwa bwino, sangabisiridwe. Afunanso kumva cifukwa cimene amuna akuda anamanidwa unsembe mumpingowu kufikira 1978.

Kanema wongotamanda akondweretsa okhulupirira kale, koma mlendo abwerera kunyumba mafunso ali cikhalire. Paja akulu anati wobisa matenda maliro adzamuulula.