Makompyuta Awiri, Adiresi Imodzi

Mwezi watha m'chipinda chathu cha makompyuta munabuka vuto lozunguza mutu. Tikamatumiza ntchito ya kalasi ku seva, inkayenda kwa mphindi ziwiri n'kuima, kenako n'kuyambanso. Tsiku lomaliza kupereka ntchitoyo linali mawa lake. Ena anati ndi magetsi, ena anati zingwe zatha. Koma gwero lake linali lina: makina awiri ankayankha pa adiresi imodzi. Ambiri a ife tikadzayamba uphunzitsi tidzapatsidwa makiyi a chipinda cha makompyuta pasukulu yopanda katswiri, choncho ndi bwino kulidziwiratu vutoli.

Chipangizo chilichonse pa netiweki chili ndi maadiresi awiri. Yoyamba ndi ya IP, monga 192.168.1.20, yomwe imachita kuperekedwa ngati nambala ya mayeso. Yachiwiri ndi ya MAC, ya zilembo ndi manambala 12, yomwe khadi la netiweki limabwera nayo kuchokera ku fakitale. Kompyuta ikafuna kutumiza uthenga, imafunsa zipangizo zonse kuti mwini wa 192.168.1.20 ndani, ndipo mwiniwakeyo amayankha potchula MAC yake. Kufunsana kumeneku kumatchedwa ARP. Swichi, bokosi lomwe zingwe zonse zimakumaniranamo, imalemba m'kaundula wake kuti MAC yakutiyakuti ili pa poti yakuti, kutanthauza kabowo kolowetsamo chingwe.

Tsono mapulogalamu ngati VirtualBox, VMware ndi Hyper-V amalola kompyuta imodzi kubereka makompyuta ena mkati mwake. Makompyuta a mkatiwa amatchedwa VM. VM ikalumikizidwa mwa njira ya bridged, imaonekera pa netiweki ngati kompyuta yoima payokha, ya IP ndi MAC yakeyake, ngakhale ikudutsira pa chingwe cha kompyuta yoiberekayo. Apa ndi pomwe mikangano imayambira, ndipo kawirikawiri imabwera m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi IP yofanana. Maadiresi ambiri amagawidwa okha ndi DHCP, yomwe nthawi zambiri imakhala mu rauta. Munthu akalemba pamanja adiresi ya VM kuchokera m'gulu lomwe DHCP imagawa, tsiku lina adiresiyo idzapatsidwanso kwa wina. Nayonso swichi yotheka kuiwongolera imakhala ndi IP yake, ndipo zina zimachoka kusitolo ndi adiresi ngati 192.168.0.1, yomwe mwina yatengedwa kale.

Njira yachiwiri ndi MAC yofanana. VM ndi mafayilo chabe, ndiye munthu akaikopera osasintha kanthu, kopeyo imatenga MAC ya mwini wake. Swichi imaona MAC imodzi ikutulukira pa mapoti awiri, n'kumasinthasintha kaundula wake, ndipo uthenga umapita uku, wina uko.

Njira yachitatu ndi chitetezo cha swichi. Pa maswichi a Cisco, port security ikayatsidwa popanda kusintha china, poti imalola MAC imodzi yokha, ndipo ikaona yachiwiri imatsekeka. Kompyuta yobereka ma VM atatu imaonetsa ma MAC anayi, motero chingwe chimangoti zii.

Nanga tingafufuze bwanji? Tisathamangire kuzimitsa ndi kuyatsa chilichonse, chifukwa kutero kumafufuta mapazi a vuto. Choyamba, pa makina omwe akuvutawo tilembe ipconfig /all ngati ndi Windows, n'kukopera IP ndi MAC papepala. Chachiwiri, tiwazimitse makinawo okha. Chachitatu, pa kompyuta ina tilembe ping ndi adiresi ija. Pakabwera yankho, ndiye kuti pali wina amene akuigwiritsanso ntchito. Kenaka tilembe arp -a kuti tione MAC ya woyankhayo.

Zilembo 6 zoyambirira za MAC zimaulula wopanga. Ikayamba ndi 08-00-27 ndi VirtualBox, 00-50-56 kapena 00-0C-29 ndi VMware, ndipo 00-15-5D ndi Hyper-V. Pomaliza tiyang'ane kaundula wa swichi. Pa Cisco lamulo lake ndi show mac address-table, ndipo limatiuza poti. Chotsala n'kungotsatira chingwe ndi dzanja.

Ife titazimitsa seva, adiresi yake inkayankhabe, ndipo MAC inayamba ndi 08-00-27. Chingwe chinatifikitsa pa laputopu ya mnzathu amene anakopera VM ya seva kuti aziphunzirirapo. Sanachite dala. Tinaipatsa kope ija MAC yatsopano, poti VirtualBox ili ndi batani lochitira zimenezo, n'kuisinthanso IP. Madzulo omwewo aliyense anapereka ntchito yake.

Kuti zisachitikenso, tinagawa maadiresi pawiri: kuyambira 192.168.1.2 mpaka 192.168.1.49 ndi olemba pamanja, a seva, swichi ndi pulinta, pamene DHCP imayambira pa 192.168.1.50. Tinagulanso kope lachikuto cholimba, momwe timalemba dzina la chipangizo, IP, MAC ndi poti yake. Monga mphunzitsi sapereka nambala kwa wophunzira watsopano asanatsegule rejisitala, ifenso tsopano sitiyatsa VM yatsopano tisanatsegule kope limenelo.