Mavu a m'nthaka si adani a mlimi

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, m'njira zouma ndi pamchenga wa m'mphepete mwa mitsinje, pamaoneka timauna tokhala ndi kamulu ka dothi pakhomo. Tambiri mwa timaunati timakumbidwa ndi mavu okhala okhaokha, osiyana ndi mavu omanga zisa patsindwi. Anthu ambiri amathiramo phulusa lamoto kapena mankhwala poopa kulumidwa, ndipo uku n'kuwononga kopanda chifukwa. Mavu a patsindwi amaukira chifukwa ali ndi chisa cha onse choti achiteteze. Mavu a m'nthaka alibe mfumukazi, alibenso gulu lankhondo. Wamkazi aliyense amakumba una wake, ngakhale maunawo atayandikana. Aamuna alibe mbola n'komwe, pakuti mbola ndi chiwalo cha aakazi chomwe kale chinali choikira mazira.

Mbola ya wamkazi ndi yosakira. Akagwira chakudya sachipha, amangochiumitsa thupi kuti chisaole mpaka mphutsi yake itadya. Choncho njira yodalirika yowazindikirira ndi kuona zomwe anyamula.

Mmodzi mwa mavuwa, Ammophila, ndi woonda, wakuda ndi kufiira, wa chiuno chachitali ngati ulusi. Amakokera mbozi pansi, ndipo akaikira dzira amatseka una ndi timiyala. Zambiri mwa mbozi zomwe amagwira ndi za banja limodzi ndi ntchemberezandonda, choncho mlimi wa chimanga ku Mponela akawononga una wake wapha mthandizi. Sphex ndi wamkulu, amasaka ziwala ndi abwamnoni. Amasiya katundu pakhomo, kulowa kukayendera, kenako n'kumukokera mkati pogwira tinyanga. Bembix ndi wojintcha, wa mizere yachikasu, amafukula mchenga ndi miyendo yakutsogolo ndipo amabweretsera mwana wake ntchentche tsiku ndi tsiku. Mwa mavu atchulidwawa, Philanthus triangulum yekha ndiye angadandaulitse alimi a njuchi ozungulira nkhalango ya Ntchisi, chifukwa amasaka njuchi, koma vuto limakula pokhapokha mauna atachuluka kwambiri pafupi ndi ming'oma.

Pambuyo pa wamkazi wonyamula katundu nthawi zambiri pamauluka kantchentche kotuwa, komulondola mosamuleka. Ndi ka gulu la Miltogramminae. Kali ndi mapiko awiri, pamene mavu ali ndi anayi. Sikaikira mazira, kamabereka mphutsi zamoyo n'kuzigwetsera pa chakudya kapena pakhomo la una. Mphutsizo zimatha chakudya, mwana wa mavu n'kufa ndi njala kapena kudyedwa. Mavu ena akakaona amauluka mokhotakhota kuti akasocheretse.

Wofuna kuphunzira za mavuwa akhale chete chapatali dzuwa likatentha, ajambule ndi foni mavu atanyamula katundu, alembe malo ndi tsiku. Asawagwire ndi manja, makamaka ngati thupi lake limatupa akalumidwa ndi njuchi. Chithunzi chimathandiza kudziwa gulu, koma mtundu weniweni nthawi zambiri umafuna makina okulitsira zinthu.