Zipatala za maso zoyima pazokha zili pampanipani: katundu afuna madola, odwala ali ndi makwacha

Mukalowa m'chipatala chaching'ono cha maso ku Limbe, ku Old Town mumzinda wa Lilongwe kapena pakati pa tauni ya Mzuzu, choyamba kukulandirani ndi mafelemu ondandalikidwa pakhoma, akunyezimira ndi magetsi. Ambiri akaona zimenezi amati mwini malowo zake zidayera. Koma ntchito imene idachititsa kuti malowo atchedwe chipatala imachitikira kuseri, m'kachipinda kamdima momwe katswiri amaunika mkati mwa diso. Ntchito ya kuseriyi ndi imene imateteza anthu ku khungu, komanso ndi imene imabweretsa ndalama zochepa kwambiri. Lendi, malipiro a antchito ndi ngongole ya makina zonse zimadalira kuti wodwala agule magalasi asanatuluke pakhomo. Apa ndi pamene pagona vuto la bizinesi imeneyi, ndipo vutoli likukhudza aliyense amene ali ndi maso.

Osowa magalasi ndi ambiri

Lipoti lomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa mu 2019 lidati anthu osachepera 2.2 biliyoni ali ndi vuto la kuona, ndipo mwa iwowa, osachepera 1 biliyoni ali ndi vuto lomwe likadapeweka kapena lomwe silidalandirebe thandizo. Zifukwa zikuluzikulu ndi ziwiri: ng'ala ndi kusowa magalasi oyenera.

Kuwala kukalowa m'diso kumayenera kukumana ndendende pa kansalu ka kumbuyo kwa diso kotchedwa retina. Diso likatalika pang'ono, kuwalako kumakumana kusanafike pamenepo, ndipo zinthu zakutali zimaoneka mwachimbuuzi. Ndiye mwana uja amene amatsinzinira poyang'ana pabolodi, aphunzitsi n'kumamuyesa waulesi. Munthu akafika zaka za m'ma 40, kagalasi kachilengedwe ka m'diso kamayamba kuuma, ndipo zapafupi zimavuta. Telala amalephera kulowetsa ulusi pasingano, mkulu wa mpingo amatalikitsa buku la nyimbo kuti aone zilembo. Izi zimachitikira pafupifupi aliyense, ndipo mankhwala ake ndi magalasi basi.

Kafukufuku yemwe adachitika ku Assam m'dziko la India, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2018, adapeza kuti othyola tiyi azaka 40 kupita m'tsogolo omwe adapatsidwa magalasi oonera pafupi ankathyola tiyi wochuluka ndi pafupifupi 22 peresenti kuposa anzawo omwe adalibe. Ntchito imeneyi ndi yomweyo imene anthu akugwira m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje.

Dziko lino silidangokhala chete pankhani ya maso. Mu 2022 bungwe la WHO lidalengeza kuti Malawi wathetsa matenda a trachoma ngati vuto losautsa mtundu. Zipatala za maso za Lions ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central, pamodzi ndi cha ku Nkhoma, zathandiza anthu ochuluka kuonanso pochotsa ng'ala. Mu 2008 sukulu yaukachenjede ya Mzuzu idayamba kuphunzitsa akatswiri oyeza maso, ndipo Malawi College of Health Sciences imaphunzitsanso ena a dipuloma. Boma silingalembe ntchito onse otsiriza maphunzirowa, choncho ena amalingalira zotsegula pawo. Atangoyamba kuwerengetsa ndalama, amakumana ndi chipupa.

Mpamba wake ndi wolemera

Wogulitsa zovala angathe kuyamba ndi belo imodzi, bizinesi n'kumakula pang'onopang'ono. Woyeza maso sangayambe ndi theka la zipangizo. Pamafunika bokosi la magalasi oyesera, makina oyezera mphamvu ya diso, makina ounikira kutsogolo kwa diso otchedwa slit lamp, chida choyezera kuchuluka kwa mphamvu ya madzi a m'diso, ndi china choonera mtsempha wa kumbuyo. Akafuna kumadula yekha magalasi kuti alowe mufelemu, pamafunikanso makina odulira. Palibe n'chimodzi chomwe mwa zipangizozi chopangidwa kuno. Chikawonongeka, kachitsulo kosinthira kamachokera kunja, ndipo amisiri odziwa kukonza makina oterewa ndi owerengeka.

Kukakongola kubanki nakonso n'kowawa. Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve idaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki ena amawonjezerapo zawo pamwamba, kuphatikizapo kufuna chikole. Mnyamata kapena mtsikana amene wangotuluka kumene ku Mzuzu alibe nyumba kapena poloti yoti apereke ngati chikole.

Katundu wa pashelefu amadyanso mpamba mwakachetechete. Mphamvu za magalasi zimasiyana pang'onopang'ono, ndi 0.25 kuchoka pa ina kufika pa inzake, ndipo maso awiri a munthu mmodzi nthawi zambiri safanana. Kuti wodwala alandire magalasi tsiku lomwelo, chipatala chiyenera kusunga mitundu mazanamazana, ina yomwe ingakhale chaka osatuluka. Mafelemu nawo amatha fasho. Ndalama zimene zagona pakhoma paja sizingalipire lendi mwezi ukatha.

Kwacha ikagwa, mitengo imadzuka

Magalasi ambiri amene anthu amavala padziko lapansi amapangidwa ku China, makamaka mumzinda wa Danyang. Amene amawaitanitsa amalipira madola. Mu May 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Katundu wa madola 10 yemwe dzulo lake ankafuna K11,800 adayamba kufuna K17,000 usiku umodzi wokha. Malipiro a mphunzitsi kapena namwino amene akufuna magalasiwo sadakwere motero.

Choposa mtengo ndi kusowa kwa ndalama zakunjazo. Pempho la madola limatha kukhala kubanki masabata ambiri, ndipo wabizinesi wamng'ono amakhala kumapeto kwa mzere, kumbuyo kwa oitanitsa mafuta, feteleza ndi mankhwala. Magalasi apadera, monga amphamvu kwambiri kapena aja oonera kutali ndi pafupi nthawi imodzi opanda mzere pakati, kawirikawiri amachita kuitanitsidwa payekhapayekha. Akachedwa, wodwala amene adalipira kale theka amakwiyira amene akumuona, ndipo mbiri ya chipatala imaipa pachifukwa chomwe mwini wake sangachithetse.

Magetsi nawo amawonjezera mtolo. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Makina oyezera ndi odulira sayenda popanda magetsi, choncho jenereta kapena sola zidasanduka mbali ya mpamba.

Kuyeza kumene anthu safuna kulipira

Kuyeza maso koyenera kumatenga mphindi 20 kapena 30, ndipo sikuthera pa kuwerenga zilembo za pakhoma. Katswiri amayang'ananso zizindikiro za glaucoma, matenda omwe amapha pang'onopang'ono mtsempha wotumiza zithunzi ku ubongo. Matendawa nthawi zambiri sapweteka, amayamba kudya kuona kwa m'mbali, ndipo zomwe zatayika sizibwereranso. Amagwira kwambiri anthu akuda, ndiponso amayamba msanga mwa iwo kusiyana ndi mitundu ina. M'diso momwemo mumaonekanso kuwonongeka kwa timitsempha ta magazi kobwera ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, nthawi zina mwini wake asanadziwe kuti akudwala.

Komabe anthu adazolowera kuti ndalama imagula chinthu chogwirika. Kulipira kuti wina akuyang'aneni m'maso kumaoneka ngati kutaya. Pofuna kukopa anthu, malo ambiri amatsitsa mtengo woyezera kapena kuuchotseratu, n'kuubisa mumtengo wa magalasi. Wodwala akayezedwa amati, "Ingondilemberani, ndibweranso pakutha pa mwezi," n'kutenga pepalalo kukagula kwina kotchipa, kapena kulitumiza pa WhatsApp kwa m'bale wake ku Johannesburg. Palibe cholakwa chomwe wachita, pepalalo ndi lake. Koma amene adagwira ntchito yovuta ija watsala chimanjamanja.

Mpanipani woterewu umabala yesero lomwe liyenera kutchulidwa poyera. Moyo wa chipatala ukadalira kugulitsa, pamakhala chikoka cholembera magalasi munthu amene sakuwafunikira, kapena kumuunjikira zowonjezera zodula. Chitsanzo ndi magalasi otchinga kuwala kwa buluu, omwe amatsatsidwa kwa ogwiritsa ntchito foni ndi kompyuta. Mu 2023 akatswiri a bungwe la Cochrane adaunika kafukufuku 17 ndipo sadapeze umboni wokhutiritsa woti magalasiwa amachepetsa kutopa kwa maso. Akatswiri okhulupirika amauza odwala awo zoona pankhaniyi ngakhale akudziwa kuti akutaya phindu, ndipo ndi iwowa amene msika umawalanga koyamba.

Kwa odwala ochepa omwe ali pa inshulansi ya zaumoyo, ndalama ya magalasi imakhala ndi malire, ndipo chipatala chimayamba chapereka katundu n'kudikira kulipidwa pambuyo. Pamene mitengo ikukwera mwezi ndi mwezi, ndalama yobwera mochedwa imafika itachepa mphamvu yogulira katundu wina.

Mpikisano wa pamsika ndi wa kutali

M'misika ya m'matauni, mavenda amagulitsa magalasi owerengera pamtengo wotsika kwambiri. Choona chake n'chakuti magalasi amenewa saononga maso a munthu wamkulu, ndipo kwa ambiri omwe vuto lawo ndi ukalamba wa diso basi, amathandizadi. Malire ake ndi akuti mbali zonse ziwiri zimakhala ndi mphamvu yofanana, sakonza diso lomwe kutsogolo kwake sikudazungulire bwino, ndipo sayenera kuvekedwa mwana. Choopsa chachikulu n'chakuti wogulayo akayambanso kuona zilembo amaganiza kuti maso ake ali bwino, pamene zaka zomwe akufunira magalasi owerengera ndi zomwezonso glaucoma imayamba kuchuluka.

Magulu achifundo omwe amabwera kudzagawa magalasi aulere kwa masiku angapo amathandiza anthu omwe sakadakwanitsa. Koma akanyamuka, felemu ikathyoka kapena mphamvu ya diso la mwana ikasintha, palibe wobwererako. Ngati ntchitoyo sidalumikizidwe ndi katswiri wa m'deralo, imasiya anthu akudikira alendo ena m'malo mozolowera kupita pafupi.

Kunja nako oyima paokha akulimbana ndi zimphona. Mu 2018 kampani ya ku France yopanga magalasi ya Essilor idaphatikizana ndi Luxottica ya ku Italy, eni ake a Ray-Ban ndi Oakley, ndipo mu 2021 kampani yophatikizanayo idagulanso GrandVision, yomwe ili ndi masitolo zikwizikwi. Ku Britain, Specsavers, yomwe idayamba mu 1984, ili pafupifupi m'tauni iliyonse, pamene ku America kampani ya Warby Parker idayamba kugulitsa magalasi pa intaneti mu 2010. Wogula zambiri amapatsidwa mtengo wotsika. Wogula mafelemu makumi angapo kuchokera ku Blantyre amalipira mtengo wapamwamba, kuwonjezera za mayendedwe m'dziko lopanda doko.

Zonsezi zimafotokoza chifukwa chake zipatalazi zidaunjikana m'mizinda. Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse m'dziko muno amakhala kumudzi, komwe ndalama zimaoneka pokolola. Katswiri amene angatsegule pa boma la Ntchisi kapena Chitipa angakhale ndi odwala ambiri koma ogula ochepa.

Zomwe zingachitike

Mu 2021 mayiko omwe ali mamembala a WHO adagwirizana kuti pofika 2030, mwa anthu 100 aliwonse ofunika magalasi, olandira magalasi oyenera awonjezereke ndi 40, ndipo mu 2024 bungweli lidakhazikitsa ndondomeko ya SPECS 2030 yothandiza kukwaniritsa zimenezi. Zipatala za boma zokha, zomwe zatanganidwa kale ndi ng'ala, kuvulala ndi matenda ena, sizingafike pamenepo.

Eni zipatala zazing'ono angathe kuitanitsa katundu pamodzi ndi kugawana makina odulira, monga momwe anzawo akumayiko ena amachitira popanga magulu ogulira limodzi. Angathenso kulipiritsa kuyeza poyera, pamtengo wachilungamo, n'kutsitsa mtengo wa magalasi, kusunga mafelemu otchipa koma olimba, kulola kulipira pang'onopang'ono kudzera pafoni, ndi kumapita m'sukulu, m'maesiteti ndi m'misika ya kumudzi pamasiku odziwika. Boma ndi mabanki ayenera kuona magalasi ndi zipangizo zoyezera ngati katundu wa chipatala pogawa ndalama zakunja. Mabungwe othandiza achite bwino kugwira ntchito ndi akatswiri a kuno ndi kutumiza odwala kwa iwo. Bungwe la Medical Council of Malawi, lomwe limapereka zilolezo kwa ogwira ntchito zachipatala, liyenera kuonetsetsa kuti woyeza maso ndi amene adaphunziradi ntchitoyo.

Nafenso odwala tili ndi mbali yathu. Funsani ngati amene akukuyezaniyo adalembetsedwa. Mukadutsa zaka 40, pemphani kuti akuyezeni mphamvu ya madzi a m'diso ndi kuona mtsempha wa kumbuyo, makamaka ngati kubanja kwanu wina adachita khungu. Wodwala shuga ayezetse maso chaka chilichonse ngakhale akuona bwino. Tengani pepala lanu, yerekezani mitengo, gulani magalasi komwe thumba lanu lingakwanitse, koma ntchito yoyezayo ilipireni, chifukwa ndi imene imagwira matenda nthawi ikadalipo.