Kodi Chilumba cha Saint Helena N'choyenera Ulendo?

Ana inu, tengani mapu a dziko lonse lapansi, aja apachikidwa m'kalasi mwanu, muike chala pa mzinda wa Blantyre. Tsopano yendetsani chalacho kulowera kumadzulo, osakwera m'mwamba, osatsika m'munsi. Mudutsa Mozambique, mukhudza kansonga ka Zimbabwe, mudutsa Zambia ndi Angola, kenako mtunda utha, muyamba madzi a nyanja yamchere ya Atlantic. Musachotse chala. Pitirizani ndithu, ngakhale kukuoneka ngati kulibe kanthu. Pakati pa madziwo mupeza kadontho kakang'ono, koti wina angati ndi ntchentche inadetsa mapu. Chimenecho ndiye chilumba cha Saint Helena.

Kuchoka pagombe la Africa kukafika kumeneko ndi makilomita pafupifupi 1,900, madzi okhaokha. Chilumbachi ndi cha makilomita 16 m'litali, 8 m'lifupi, ndipo chili pansi pa ulamuliro wa dziko la Britain. Pamakhala anthu pafupifupi 4,400 basi. Boma lathu la Likoma, ngakhale zilumba zake zimachepa kutalitali poyerekeza ndi Saint Helena, lili ndi anthu oposa pamenepa katatu.

Tsono tiyerekeze kuti amalume anu akupatsani ndalama za ulendo umodzi wokha wa kunja, akuti sankhani nokha kopita. Kodi mungasankhe kadonthoka? Musafulumire kuyankha. Tiyeni tiyambe taona zimene zimadikira mlendo kumeneko.

Kufikako kokha ndi ntchito

Kwa zaka zambirimbiri njira inali imodzi: sitima ya pamadzi yotchedwa RMS St Helena, imene inkanyamuka ku Cape Town n'kuyenda masiku 5 usana ndi usiku. Inkanyamula anthu, makalata, mankhwala, magalimoto ndi zakudya zogulitsa m'masitolo. Munthu akadwala kwambiri moti akufunika chipatala chachikulu, ankadikira sitimayo.

Kenako boma la Britain linamanga bwalo la ndege lodula kwabasi. Anagumula mapiri, nakwirira chigwa chonse kuti papezeke malo osalala. Ntchito itatha mu 2016, anayesa kuteretsa ndege yaikulu, n'kupeza vuto limene linawazunguza mutu. Bwalolo lili pamwamba pa phompho, m'mphepete mwa nyanja, ndipo mphepo ikawomba matanthwe a pamenepo imatembenuka mwadzidzidzi n'kuyamba kukankha ndege uku ndi uko pa nthawi yeniyeni yotera. Nyuzipepala za ku Britain zinaseka kwambiri, zikuti palibe bwalo lina lopanda ntchito padziko lonse ngati limeneli. Koma akatswiri anapeza kuti ndege yocheperako ikhoza kutera bwinobwino, ndipo mu Okutobala 2017 kampani ya Airlink inayamba kunyamula anthu kuchokera ku Johannesburg. Sitima ija inapuma ntchitoyi mu 2018.

Choncho inu mungakwere ndege ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kukatsika ku Johannesburg, n'kukwera ina ya maola pafupifupi 6, imene imaima kaye ku Namibia kumwetsa mafuta. Miyezi yambiri ndegeyi imapita kamodzi kokha pa sabata. Ndiye kuti mukafika n'kupeza kuti malowo sakukusangalatsani, simungati mawa ndikubwerera. Mudikira ndithu. Ndipo chifunga chikakuta bwalo, kapena mphepo ikavuta, ndege imalephera kubwera, inu n'kumangowerenga masiku. Tikiti nayonso si ya masewera. Amafunanso kuti mlendo aliyense akhale ndi inshuwalansi yoti atadwala mwakayakaya, ndege imutengere ku chipatala cha kunja.

Mchenga woyera kulibe

Anthu ambiri akamva za chilumba cha kotentha amaganiza za mchenga woyera, migwalangwa yowerama ndi madzi osambira tsiku lonse. Saint Helena sichili choncho. Chilumbachi chinabadwa ndi mapiri ophulika, amene anatulutsa miyala yosungunuka kuchokera pansi pa nyanja zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Mapiriwo anazima kalekale, koma anasiya matanthwe akuda aataliatali ozungulira pafupifupi chilumba chonse. Pagombe lotchedwa Sandy Bay mchenga ulipo, koma ndi wakuda, ndipo madzi ake amakoka munthu, moti kusambirapo n'koopsa. Ngati cholinga chanu ndi kugudubuzika pamchenga n'kudumphira m'madzi, sungani ndalama za amalumezo. Ku Cape Maclear kapena ku Senga Bay n'kwabwino kuposa, ndiponso n'kufupi.

Kutentha nakonso si kwenikweni. Mphepo ya kunyanja imawomba chaka chonse, ndipo mukakwera kumtunda, kufupi ndi phiri la Diana's Peak lotalika mamita oposa 800, mumalowa m'nkhalango yobiriwira ya chinyezi, yokutidwa ndi mitambo. M'mphepete mwa nyanja ndi mouma gwa, pakati pa chilumba ndi pobiriwira. Ndi ulendo wa mphindi zochepa pagalimoto kuchoka kwina kufika kwinako.

Nanga anthu amakatani?

Ena amapita kukaona kamba. Musaseke, si kamba wamba ameneyu. Dzina lake ndi Jonathan, ndipo anamubweretsa kuchokera ku zilumba za Seychelles mu 1882. Pofika anali kale wamkulu msinkhu, ndipo kamba wa mtundu wake amatenga zaka pafupifupi 50 kuti akule choncho. N'chifukwa chake akatswiri amati anaswedwa cha m'ma 1832, mwinanso kale kuposa apo. Taganizani: David Livingstone asanaone Nyanja ya Malawi mu 1859, Jonathan anali ali moyo kale, akudya udzu. Mu 2022 anthu a pachilumbachi anam'chitira phwando la zaka 190, ndipo buku la Guinness World Records linamulemba kuti ndiye nyama yamoyo ya pamtunda yakale kwambiri yodziwika. Kwawo ndi pa kapinga wa nyumba ya bwanamkubwa, yotchedwa Plantation House. Ukalamba unamulanda maso ndi mphamvu ya kununkhiza, choncho anthu amamudyetsa pamanja kabichi, karoti, nkhaka ndi zipatso, koma makutu ake amamva bwino. Chithunzi chake chili pa kandalama kachitsulo ka kumeneko.

Ena amapita kukayesa mphamvu za miyendo. Tauni yaikulu, Jamestown, inapanikizika m'chigwa chopapatiza pakati pa mapiri awiri. Kuchoka m'tauniyo kukwera pamwamba pa phiri pali makwerero otchedwa Jacob's Ladder, a masitepe 699, ongoti njo. Poyamba, mu 1829, inali njanji yokokerapo ngolo za katundu, kenako njanji anachotsa n'kutsala masitepewo. Alendo ambiri amapuma kangapo panjira akupuma wefuwefu, koma alipo othamanga amene anakwera onse m'mphindi zosakwana 6. Ana a kumeneko anatchuka ndi kutsetsereka pa zitsulo zogwirira potsika. Inu mukadzafika musadzayese, paja iwo anayamba ali aang'ono.

Ndiye pali nsomba. Kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi kumabwera zinsomba zotchedwa whale shark, zimene ndi nsomba zazikulu kuposa zonse padziko lapansi. Ina imatalika mamita 10 kapena kuposa. Ndi mtundu wa shaki, koma ndi zofatsa, zimangoyasamula n'kumasefa tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi. Alendo amaloledwa kusambira pafupi nazo, koma ndi lamulo: osazigwira, osaziyandikira kwambiri. Chodabwitsa n'chakuti kumalo ena ambiri kumasonkhana makamaka zazimuna zazing'ono, pomwe ku Saint Helena kumabwera zazimuna ndi zazikazi zikuluzikulu pamodzi. Asayansi akuganiza kuti mwina kumeneku n'kumene zimakumanirana kuti zibereke.

Ndende yopanda mpanda

Kutalika kumene kumavutitsa alendo lero n'kumene kunapangitsa chilumbachi kutchuka. Napoleon, mfumu ya ku France imene inagonjetsa mayiko ambiri a ku Ulaya, atagonja pankhondo ya ku Waterloo mu 1815, Angerezi anadzifunsa kuti timuike kuti munthu ameneyu. Anali atathawapo kale pachilumba china chotchedwa Elba, chimene chili pafupi ndi Italy. Ulendo uno anamutumiza ku Saint Helena, kumene nyanja yokha inali mpanda wokwanira. Anakhala m'nyumba yotchedwa Longwood House, akudandaula za chinyezi ndi makoswe, mpaka anamwalira pa 5 Meyi 1821. Manda ake alipo, koma mulibe kanthu, chifukwa mu 1840 mtembo anautengera ku Paris.

Si Napoleon yekha. Dinuzulu, mfumu ya Azulu, anamutumiza komweko mu 1890, n'kukhalako zaka 7. Pakati pa 1900 ndi 1902 anasungirakonso Mabunu pafupifupi 6,000 ogwidwa pankhondo ya ku South Africa.

Koma nkhani imene ine ndimaona kuti mwana wa mu Africa ayenera kuidziwa kuposa ya Napoleon ili m'chigwa chotchedwa Rupert's Valley. Kuyambira mu 1840, sitima zankhondo za Britain zinkagwira sitima zonyamula akapolo panyanja ya Atlantic n'kukatsitsa anthuwo pachilumbachi. Anthu oposa 25,000 anatsikira pamenepo, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. Ankafika atafooka ndi njala ndi matenda, moti pafupifupi 8,000 anamwalira n'kuikidwa m'chigwacho. Opulumuka ambiri sanabwerere kwawo, anatumizidwa kukagwira ntchito ku zilumba za Caribbean ndi kwina. Manda awo anaiwalika, mpaka pamene ankakonza msewu wopita ku bwalo la ndege lija. Mu 2008 akatswiri anafukula mafupa a anthu 325, ena ali ndi timikanda tawo tomwe anachoka nato kwawo. Mafupawo anakhala m'mabokosi zaka 14 asanaikidwenso m'manda mwaulemu mu 2022. Mayina awo palibe amene anawasunga.

Zimene mbuzi zinadya

Apwitikizi atapeza chilumbachi mu 1502 panalibe munthu ndi mmodzi yemwe, koma panali mitengo, mbalame ndi tizilombo tosapezeka kwina kulikonse. Anasiyapo mbuzi kuti amalinyero odutsa azipeza nyama. Mbuzizo zinaswana n'kudya mitengo yonse yongomera kumene, anthu nawo n'kudula ikuluikulu. Makoswe ndi amphaka otsika m'sitima anamaliza mazira ndi anapiye a mbalame. Mwa mbalame za pamtunda zimene zinali za pachilumbachi pokha, yatsala mtundu umodzi, kambalame ka miyendo yoonda kotchedwa wirebird, kamene kamaikira mazira pansi. Zilipo mazana ochepa chabe.

Mtengo wina waung'ono wa maluwa oyera, St Helena ebony, anthu ankayesa kuti unatheratu. Mu 1980 anaona zitsamba ziwiri zokha zitamamatira pa phompho loopsa, pamene mbuzi sizikanafika. Bambo wina wa pachilumbachi, Charlie Benjamin, anatsika pa chingwe n'kudulako tinthambi, ndipo kuchokera pa timeneti anadzala mitengo yambiri imene ilipo lero. Mtengo wina, St Helena olive, sunachite mwayi: womalizira unauma mu 2003, ndipo padziko lonse sudzaonekanso.

Mlendo akafika amapezanso anthu ansangala, osakanikirana magazi a ku Africa, Asia ndi Ulaya, amene amalankhula Chingerezi cha katchulidwe kawokawo. Oyendetsa galimoto akakumana pamsewu amakwezerana dzanja, odziwana ndi osadziwana omwe. Amadya nsomba ya tuna yambiri, ndi mpunga wophika pamodzi ndi nyama umene amautcha plo. Amalimanso khofi wochepa koma wodula kwambiri, wa mbewu imene inachokera ku Yemen mu 1733. Katundu wambiri wa m'masitolo amabwera pa sitima, choncho ndi wokwera mtengo, ndipo sitima ikachedwa zina zimasowa.

Tsono tibwerere ku ndalama za amalume zija. Ngati ndinu mwana wotopa msanga, wofuna masitolo akuluakulu ndi gombe la mchenga, musapite, mukangolira kudikira ndege. Koma ngati mumakonda kufunsa mafunso, kukwera mapiri, kuyang'anitsitsa mbalame ndi kumva nkhani zakale, ine ndikuti ulendowu ndi woyenera, ngakhale ndi wodula ndi wautali. Mudzanyamuke pakati pa Januwale ndi Malichi kuti mukapeze zinsomba zija, mudzakonzekere kukhala sabata yathunthu, ndipo musadzaiwale juzi ndi nsapato zolimba.