Ntchito ya Mneneri Imaoneka pa Tsiku la Mphekesera

M'mwezi wa September 2017, mphekesera yoti kwabwera anamapopa, anthu opopa anzawo magazi usiku, inafala m'midzi ya m'boma la Mulanje, nifikanso ku Phalombe ndi ku Thyolo. Anthu angapo amene ankaganiziridwa anaphedwa ndi magulu olusa, ngakhale kuti umboni panalibe. Mu October bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Peter Mutharika, anapita iwo eni kukalankhula ndi anthu.

Pa nthawi zotere ndi pamene pamaoneka kufunika kwa mneneri, munthu woima pakati pa bungwe ndi anthu. Maunduna a Boma, apolisi ndi makampani aakulu amakhala naye. Ntchito yake ili patatu. Choyamba, amatchera khutu ku zimene zikukambidwa pamsika, pachitsime ndi kubwalo la mfumu, nakauza akuluakulu ake. Chachiwiri, amapereka nkhani yoona msanga, kudzera mwa atolankhani, pa wailesi ndi m'misonkhano, m'chiyankhulo chimene anthu amamva. Chachitatu, amasunga ubale ndi mafumu, abusa ndi aphunzitsi, pakuti mawu odzera mwa iwo amalandiridwa bwino m'mudzi.

Mneneri si wotsatsa malonda, ndiponso si wobisa zolakwa. Akanama kamodzi, pa tsiku la zoopsa sapeza womumvera. Tsono kukhulupirirana kuyenera kumangidwa mudzi ukadali pa mtendere, pakuti madzi akatayika saoleka.